Nsungwi Yanga pa Phewa la a Zakeyu

A Zakeyu ndinawadziwa chifukwa cha malaya. Ine ndine Maulidi, ndimayenda m'maesiteti a tiyi kuno ku Thyolo kugulitsa mchere, sopo, machesi, singano ndi tinsalu. Masiku amenewo njinga ndinali ndisanagule. Katundu ndinkamangirira kunsonga zonse ziwiri za nsungwi yaikulu, nsungwiyo paphewa, basi ulendo. Tsiku lina la malipiro ndinayala mphasa yanga pafupi ndi shedi yoyezera masamba, ndipo panafika bambo wina wamtali, wowongoka ngati bulugamu, imvi zitayamba m'mbali. Ankafuna malaya opita nawo kutchalitchi. Ndinawayesa awa, ndinawayesa awo. Pamimba ankakwana, m'mikono ankakwana, koma pamapewa onse ankakana. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti mapewa awo anali ndi chinthu ngati linunda la ng'ombe, cholimba, chakuda, cha kumanja choposa cha kumanzere.

"Pepani bambo, chinakulumani n'chiyani pamenepa?" ndinafunsa.

"Azungu," anayankha nkhope ili gwa. "Azungu ambirimbiri ndi dona mmodzi. Donayo ndiye anamaliza ntchito."

Amayi amene ankasankha singano anaseka mpaka wina anakhala pansi. Mmodzi wa iwo, mayi Alesi, anali akazi awo a bambowo, ndipo ndi amene anandimvera chisoni.

"Usawamvere, mwanangu. Anali a machira awa."

Kuyambira tsiku limenelo, ndikachedwa pa esitetiyo ndinkagona pakhonde pawo, ndipo mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, ina kwa eni ake, yambiri kwa mayi Alesi.

A Zakeyu anabadwira kuseri kwa phiri la Mulanje, m'dziko la Apwitikizi. Anawoloka malire ali kamwana, atagwira nsalu ya mayi awo, pamene Alomwe ambiri ankathawa njala ndi ntchito yokakamiza. Mzungu wa esiteti anawalola kumanga ndi kulima kachigawo m'mphepete mwa mtsinje, koma mwamuna wa nyumba iliyonse ankayenera kugwira thangata, ntchito ya mwini malo. Atakula, miyendo yawo italika, anawasankha kulowa m'gulu la machira. Kwa amene sanawaone machira: inali nsalu yolimba yomangirira ku nsungwi yaitali, mzungu n'kugonamo, anthu n'kusenza nsungwiyo pamapewa, kuthamanga naye mpaka ku boma, ku siteshoni ya Luchenza, ngakhale ku Blantyre kumene. Ena ankanyamula, ena ankathamanga m'mbali kudikira kulandira, ndipo polandirana sankaima.

Gululo linali ndi malamulo ake, ndipo a Zakeyu ankawanena ngati akunena katekisimu. Wakutsogolo ndi amene amatsogolera nyimbo, amakumana ndi mame, ulusi wa akangaude ndi njoka, n'chifukwa chake malowo sakhalitsapo munthu mmodzi. Pa mtsinje uliwonse, wakutsogolo apite kumbuyo, wakumbuyo abwere kutsogolo. Lina linali lakuti mnzako akafuula kuti "Phewa!" ndiye kuti lamuotcha, musinthane pomwepo, osafunsa, osakana.

"Nanga akamanama, bambo, pofuna kupuma?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Akanama, ananama yekha. Iwe sinthana naye."

Kenako kunabwera galimoto. Machira anakapachikidwa kudenga la sitolo ya esiteti, makoswe n'kudya nsalu yake. Anzawo a gululo anabalalika: ena anatha ndi chimfine chachikulu chija, ena anapita ku Halale osabwerako. A Zakeyu anawapatsa khasu kuti azipalira m'mizere ya tiyi. Apa ndi pamene panali vuto. Msana umene unakhala zaka zonsezo uli chiimire pansi pa nsungwi unkakana kuwerama. Akaugwiritsa khasu m'mawa, pofika masana ankapalira atagwada. Ndime yawo sinkatha, ndipo ndime yosatha kapitawo sankailemba pa tikiti. Mayi Alesi ankathyola tiyi kuposa atsikana, koma ntchito ya mkazi sinkawerengedwa pa nyumba.

M'chaka cha 1933, chilimwe chili pakati, kapitawo wamkulu, a Goodson, anafika pakhomopo atavula chipewa. Anati bwana wanena kuti nyumba zimene eni ake sakwanitsa thangata zichoke akakolola. A Goodson sanali munthu woipa. Ankalankhula akuyang'ana nkhuku. Atachoka, a Zakeyu anazungulira bwalo lawo. Anaima pa mtengo wa mango umene anabzala chaka chimene anakwatira, anayang'ana nandolo wawo, kenako anayang'ana kutsidya kwa mtsinje kumene kunagona mayi awo ndi ana awo awiri.

"Tipita kuti?" anafunsa mayi Alesi.

"Kumene tinachokera kulibe amene angatidziwe," anatero a Zakeyu, nakakhala pansi.

Mwezi wa Novembala uli kumayambiriro, munthu amene ankatenga positi ya esiteti anathawira ku Halale. Ntchito yake inali yonyamuka usiku, kukakumana ndi sitima ku Luchenza m'mawa, n'kubwerako ndi thumba la makalata. Galimoto ikanatha kupita, koma petulo anali atakwera, ndipo mvula ikayamba msewuwo umasanduka phala. Wa positi ankavala yunifomu ya khaki ndi chisoti chofiira, khasu sankaligwira, ndipo nyumba yake sinkakhudzidwa. Anyamata amene anaifuna ntchitoyo anachuluka moti bwana anatopa nawo. Anati apikisane. Masana kunali kosatheka, dzuwa la mwezi umenewo limapsereza ndi mapazi omwe, komanso bwana sakanalola kuti tsiku la ntchito lipite pachabe. Choncho anasankha usiku wa Loweruka, mwezi uli wathunthu.

A Goodson analengeza malamulo pa shedi. Opikisana azithamanga mu msewu wozungulira munda waukulu wa tiyi: kuchoka pa shedi, kudutsa pa nyumba za antchito, kukwera mpaka pa mabulugamu, kutsika mtsetse kukawoloka mlatho wa mitengo, n'kukweranso chitunda kubwerera pa shedi. Azizungulira choncho usiku wonse. Woima kapena woyamba kuyenda, wagwa. Alonda a nyali adzakhala m'makona onse. Chitsulo cha ku fakitale chikadzalira m'bandakucha, mwa otsalawo amene adzayambe kugwira mzati wa shedi, ntchito ndi yake.

"Liwiro lilibe ntchito, mwamva?" anatero a Goodson. "Bwana akufuna munthu wosatopa."

Koma anyamata ndani angawauze za liwiro?

A Zakeyu atapita kukanena dzina lawo, anthu anaseka. Amene anaseka kwambiri anali Douglas, mnyamata wa miyendo ngati gwape, katswiri wa mpira pa sukulu ya mishoni. Kwawo kunali ku Chimaliro, kwa amalume ake a munda waukulu, ndipo pa esiteti anangobwera kudzaona dziko. Positi ankaifuna chifukwa cha chisoti chofiira ndi sitima.

"Madala," anatero Douglas, "mutiuziretu, mukagwa tikakusiyeni kunyumba kapena kutchalitchi?"

"Ukadzandipeza nditagwa, undidumphe bwino," anayankha a Zakeyu. "Ndine wamtali."

Ine nditamva za mpikisanowo mutu wanga unathamangira kwina. Anthu a esiteti yonse pamalo amodzi usiku wonse, opanda pothawira njala! Ndinapita kumidzi ya kumtunda kukagula nthochi ndi nzimbe, ndinapangana ndi mayi wina kuti aziotcha chinangwa, ndinadzaza botolo la palafini podziwa kuti nyali za alonda sizifika m'mawa. Dzuwa likulowa ndinali nditayala kale pafupi ndi shedi, nsungwi yanga nditaitsamiritsa ku mzati.

Usikuwo kunalibe ndi kamphepo komwe. Nthaka inkabweza kutentha kwa masana, ndipo kutali pa Mulanje mphezi zinkang'anima popanda phokoso. Mwezi unatuluka wofiira, kenako unayera, masamba a tiyi n'kumanyezimira ngati athiridwa mafuta. Bwana anaimika galimoto yake pamtunda, nakhala pampando ndi kaliwo wake. A Goodson anaimba wezulo.

Anyamata anaphulika ngati awotchedwa ndi moto, Douglas patsogolo. Fumbi litatsika tinaona a Zakeyu ali kumbuyo kwenikweni. Munthu amene ndinkamuyesa mphepo ankathamanga ngati nkhuku yomangidwa phiko limodzi. Thupi linkapendekera kumanzere, manja sankadziwa powaika, mapazi ankamenya pansi mwamphamvu. Atadutsa pa shedi koyamba anthu anawaombera m'manja mowaseka. Atadutsa kachiwiri anali wefuwefu, thukuta lili chuchuchu, ndipo palibe amene anasekanso.

Mayi Alesi anali chiimire pambali pa mphasa yanga, manja ali m'chiuno. Mwadzidzidzi anadziomba pantchafu.

"Kupusa kwanga ine! Munthuyu chibadwire sanathamangepo phewa lili lopanda kanthu!"

Ndisanamvetse, anali atagwira kale nsungwi yanga.

"Mayi, imeneyo ndi sitolo yanga!"

"Sitolo yako ipite kokayenda," anatero, nalowa nayo mu msewu.

A Zakeyu atatulukira pa chitundacho, mayi Alesi anathamanga nawo pambali n'kuwaika nsungwiyo paphewa la kumanja. Inakhala pa linunda lija ngati pamene inabadwira. Dzanja linakwera lokha n'kuigwira. Anyamata ena amene ankaonerera anakuwa kuti zimenezo n'zosaloledwa.

"Ndinaletsa kuima ndi kuyenda," anatero a Goodson. "Akafuna anyamule ndi shedi yomwe."

Zimene ndinaona pamenepo sindinazionenso kwa munthu wina. Thupi linawongoka. Mapazi anasiya kumenya, anayamba kuseseleka pafupi ndi nthaka, timasitepe tating'ono, mawondo ofewa, mutu osagwedezeka, moti ukanawaika chikho cha madzi pamutu sichikanatayika. Atathamanga pang'ono anakweza mawu, m'Chilomwe, mawu aakulu oti anamveka mpaka ku fakitale:

"Bwana wadya chiyani?"

Kunali zii. Amene ankayankha nyimbo imeneyo anali ku Halale ndi kumanda. Ndinaona mapazi awo akusokonezeka. Anaitananso, mawu atatsika pang'ono:

"Bwana wadya chiyani?"

"Wadya miyala!" anayankha mayi Alesi okha.

"Timutule pano?"

"Patsogolo!" Apa anayankha ndi amayi ena achikulire amene anali pa chinangwa, amene amuna awo kapena alongo awo ananyamulapo machira.

Nyimboyo inagwira ngati moto wa udzu. Amayi anagawana okha popanda wowauza: ena anatsala pa shedi, ena anapita pa nyumba za antchito, ena pa mabulugamu, ena pa mlatho, kuti paliponse pamene a Zakeyu aitane papezeke woyankha. Bwana, amene Chilomwe sankachimva, ankagwedeza phazi motsatira nyimboyo ndipo anafunsa a Goodson tanthauzo lake.

"Akuti mvula ili pafupi, bwana," anatero a Goodson akuyang'ana mwezi.

Usiku unayenda. Malonda anga anayenda kuposa mmene ndinaganizira. Nzimbe zinatha mwezi usanafike pamutu, ndipo ndinadziuza kuti ndikanabweretsa mtolo wina. Anyamata anayamba kugwa mmodzimmodzi. Wina anali atamwa thobwa wambiri, anakasanza m'tiyi. Wina matuza anaphulika. Awiri anamva chinthu chikutsokomola pa mabulugamu, anati ndi kambuku, ndipo anathamanga bwino kwambiri koma molunjika kwawo. Douglas ankawapitirira a Zakeyu mobwerezabwereza, ndipo nthawi iliyonse ankawaponyera mawu.

"Madala, katundu wanu mwamuiwala kuti? Mwanyamula mtengo wokha!"

"Ndikusungira iwe malo," ankatero a Zakeyu.

Mwezi utapendeka, bwana anakagona. Kutentha sikunachoke. Mu msewu munatsala anthu awiri okha, Douglas ndi a Zakeyu. Koma oyankha nawo anali atatha. Ana ankalira, amayi anawatengera kunyumba. Ena anagona pomwepo atafunda nsalu kumutu. Mayi Alesi ankathamanga m'tinjira ta m'tiyi kuchoka pa shedi kupita pa mlatho n'kubwerera, kuti amuna awo amve yankho kawiri, mpaka mawu awo anasasa n'kutsala mpweya wokha. Ine ndinayesa kuyankha, koma Chilomwe changa n'cha pamsika, ndipo ndinkalowa mochedwa, kuwasokoneza m'malo mowathandiza.

Katundu atatha ndinapinda mphasa, ndinatenga nyali ndi chikho cha madzi n'kutsikira ku mlatho. Ndili pamenepo ndinaona Douglas akutsika mtsetse. Sanalinso gwape uja. Akatumba anali atamukokana, mwendo umodzi ankaukoka, mano ali pamtunda. Mlonda wa pa mlatho anakweza nyali kudikira kuti aime. Kumbuyo kwake kunkabwera a Zakeyu, nawonso mapazi akukwekwereza, nsonga ya nsungwi ikugwedezeka. Ankaitana nyimbo ija monong'ona, popanda woyankha.

Ndinawerengera mumtima msanga. Douglas sakanakwera chitunda chija. Akangoima, a Zakeyu atsala okha, ndipo ngakhale atafika pa mzati akukwawa, nyumba yapulumuka.

A Zakeyu anafika pambali pa mnyamatayo.

"Iwe, gwira kumbuyo."

"Madala, musandiseke," anatero Douglas, misozi ili m'maso.

"Sindikuseka. Ndikufuna woyankha. Ika phewa."

"Bambo!" ndinathamanga nawo pambali, madzi akutayika. "Musiyeni! Watha uyu! Kumbukirani nyumba!"

"Wamalonda, iwe umanyamula mchere. Khala chete."

Douglas analowetsa phewa pansi pa nsungwi, mwina chifukwa inali chinthu chokhacho chotsamira. Ndinawatsatira pa chitunda chonse ndikumva a Zakeyu akumuphunzitsa osatembenuka.

"Fupikitsa. Fupikitsanso. Usadumphe, suli pa mpira. Phazi lonse pansi. Ine ndikaponda lamanja iwe ponda lamanzere, apo ayi nsungwi itimenya. Mawondo alekerere. Tsopano yankha. Bwana wadya chiyani?"

"Wadya... miyala."

"Kweza, sakumva ku Luchenza!"

"Wadya miyala!"

Atatulukira pa shedi ali awiri pa nsungwi imodzi, amene anali maso anadzutsa anzawo. A Goodson anavula chipewa, anakanda m'mutu, anachivalanso. Palibe amene anaima, palibe amene anayenda, choncho anawasiya apitirire. Mwendo wa Douglas unamasuka pang'onopang'ono. Mawu a a Zakeyu anabwerera. Ndipo nthawi iliyonse akafika pa mlatho, a Zakeyu ankati "Mtsinje!", wakutsogolo n'kumapondaponda pamalo amodzi, wakumbuyo n'kumuzungulira ngati chitseko chikutseguka, malo asinthana, ulendo. Koyamba Douglas anatsala pang'ono kugwera m'madzi. Kenako anazolowera, mpaka anayamba kupeka mawu ake m'nyimbomo, za nsapato za a Goodson, anthu n'kumaseka.

Kum'mawa kunayamba kufiira, phiri la Mulanje n'kuoneka lakuda bii. Anthu onse anali atabwerera, ena atavala kale za kutchalitchi. Ine ndinali pa mlatho ndi mayi Alesi. Tinawaona awiriwo akuchoka pa mabulugamu, a Zakeyu kutsogolo. Nthawi yomweyo chitsulo cha ku fakitale chinalira: nge! nge! nge!

Amayi analuluta. Kunatsala mtsetse, mlatho ndi chitunda, ndipo a Zakeyu anali patsogolo ndi utali wonse wa nsungwi. Ndinalumpha ngati kamwana. Koma mayi Alesi anandigwira mkono, zikhadabo mpaka kulowa.

"Mtsinje," ananong'ona ndi mawu awo osasawo. "Mayo ine, mtsinje."

Ndinamvetsa. Ndinathamangira mu msewu ndikukupiza manja.

"Bambo, musasinthe! Chitsulo chalira! Pitirirani choncho!"

Anandiyang'ana ngati munthu amene wayankhula m'tchalitchi pemphero lili mkati. Mapazi awo anagunda mitengo ya mlatho.

"Mtsinje!" anatero.

Anapondaponda pamalo amodzi. Douglas anazengereza pang'ono, kenako anazungulira. Anayamba kukwera chitunda mnyamata ali kutsogolo, mkulu ali kumbuyo.

Mayi Alesi anakhala pansi m'fumbi. Ine ndinawasiya, ndinathamanga m'mbali mwa msewu ndikulankhula zimene sindikuzikumbukira. Anzake a Douglas ankakuwa dzina lake, ena ankamuuza kuti ataye nsungwiyo athamange. Sanaitaye. Wakutsogolo ndiye mwini nyimbo, choncho ndi iye amene ankaitana, "Timutule pano?", ndipo a Zakeyu ankayankha ndi mawu onse, "Patsogolo!", ngati kuti kutsogoloko kunali zabwino zawo. Shedi inaoneka. Bwana anali atabwerera, ali ndi kapu ya tiyi m'manja. A Goodson anaima pambali pa mzati. Panatsala malo oti munthu akhoza kuponya chigoba cha nthochi n'kufika.

"Phewa!" anafuula Douglas.

A Zakeyu sanafunse, sanakane. Douglas anapondaponda pamalo amodzi, iwo anamuzungulira, nsungwi inatembenuka pamaso pa tonsefe, ndipo dzanja la a Zakeyu linagwira mzati.

Phokoso limene linabuka linadzutsa ndi agalu a ku esiteti ina. Awiriwo anatula nsungwi pansi pamodzi, mofatsa, ngati muli munthu. Kenako Douglas anadzigwetsa chagada. Anzake anamuzungulira.

"Wapenga iwe? Panatsala pamphuno pomwe!"

"Linandiotcha," anatero Douglas, maso ali otseka.

"Sukanapirira pang'ono?"

Anakoka malaya ake. Phewa linali litasupukadi, lofiira, magazi atauma m'mbali.

"Tenga nsungwiyo uzungulire nayo kamodzi kokha, ubwere undifunsenso," anatero. "Ndipo wina andipatse madzi, ndikufa ine."

A Goodson anamasulira zonse kwa bwana. Bwana anayang'ana a Zakeyu, anayang'ana imvi zawo, anafunsa ngati angakwanitse kupita ku Luchenza Lolemba. A Zakeyu anati ngati kuli kofunika akhoza kupita nthawi yomweyo, kungoti linali la Mulungu. Mayi Alesi anafika akutsimphina, nsalu ili fumbi lokhalokha. Anangowamenya amuna awo pachifuwa ndi chibakera, kawiri, kenako anatsamira pomwepo.

Madzulo a tsikulo ndinawapeza a Zakeyu pansi pa mango, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Ndinali ndisanakhazikike mtima.

"Bambo, pa mlatho paja munaganiza chiyani? Nyumba yonse, manda, nandolo, mukanataya zonse!"

"Panali mtsinje," anatero.

"Koma munkadziwa kuti mnyamata uja adzafuula?"

"Ndikanadziwa bwanji? Phewa ndi lake."

Ndinawayang'ana kudikira zina, koma anali atayamba kusinza.

Mvula inagwa sabata yotsatira, yamphamvu, ndipo a Zakeyu anabzala chimanga m'munda mwawo momwemo. Mpaka lero ndi iwo amene amatenga positi. Mukagona kufupi ndi msewu wa ku Luchenza mudzamva nyimbo ikudutsa mumdima, ndipo m'midzi ina ana amadzuka kuti aiyankhe. Miyezi ya mvula, mapaselo akachuluka, thumba amalipachika pakati pa nsungwi, ndipo a Goodson amatuma Douglas kuti akagwire kumbuyo. Mnyamatayo sitima anaiona, chisoti chofiira amabwereka pobwerera. Akuti akufuna kudzakhala woyendetsa sitimayo, ndipo ine sindimutsutsa.

Nsungwi yanga sinabwerenso. Nditaifunsa, mayi Alesi anati inalembedwa ntchito ya boma. Sindinadandaule kwambiri, chifukwa a Zakeyu akamabwera ku siteshoni amandiuza katundu amene watsika m'sitima amwenye a masitolo asanamasule, ndipo chaka chatha ndinagula njinga. Ndikuyang'ana kamalo pafupi ndi siteshoni pomwepo.

Yunifomu ya khaki itabwera, pamimba inakwana, m'mikono inakwana, pamapewa inakana. Mayi Alesi anaisula msoko, ine ndinapereka kachidutswa ka nsalu ndi singano yaikulu. Khaki ndinalibe, ndinali ndi yabuluu yokha. Choncho mukadzaona wa positi wa mapewa abuluu akutsika mtsetse ndi nsungwi, mupatukireni, ndipo akafunsa zimene bwana wadya, musachedwe kuyankha.